Phazi Limene Linasiya Kuwawa

Loweruka likubwerali tikavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, a Matiyasi Namakhwa. Chaka chakwana chitisiyireni. Dzana ndinalowa m'chipinda chawo kuti ndikonzere alendo pogona, ndipo pawindo ndinapeza timachubu ta mafuta opaka, khumi ndi kamodzi, tandanda ngati ana a sukulu. Khumi tinali tong'amba pakati ndi lezala, topalidwa m'kati mpaka mbee, pakuti iwo sankataya kanthu kasanatheretu. Kotsirizako kanali ndi mafuta theka, chivindikiro chili chomanga bwino. Ndinakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja. Timachubu tonseto ndinagula ndine.

Amene anakulira ku Zomba kuno akuwakumbuka a Namakhwa, ngakhale ena dzina sankalidziwa. Ndi bambo wamtali uja, wa jombo zachikopa, amene ankayenda ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi kamutu ka mtengo pamwamba. Anagwira ntchito kwa a zamadzi unyamata wawo wonse mpaka imvi. Ntchito yawo inali kulondola mapaipi wapansi, kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri mpaka kutsikira m'tauni, kufunafuna pamene madzi akutayika. Ankabaya ndodo ija pansi, n'kugunditsa khutu pa kamutu kaja, n'kutsinzina. Ana ankawaseka kuti akumvera miseche ya nyerere. Koma iwo akaloza malo n'kunena kuti kumbani apa, anthu ankakumba, ndipo paipi yosweka ankaipeza pomwepo.

Ankakonda kunena kuti paipi imene yaphulika n'kumaponya madzi m'mwamba siwadetsa nkhawa, chifukwa ngakhale woledzera amaiona n'kukanena. Imene inkawasowetsa tulo ndi yotaya madzi mwakachetechete pansi pa msewu, chifukwa imadya dothi miyezi ndi miyezi mpaka msewu kugumuka. Mawu amenewa ndinawamva kosawerengeka, mpaka ndinkachita kuwamalizira chamumtima ndikutsuka mbale.

Mpopi wodontha unali mdani wawo. Akamadutsa m'njira n'kumva kuti tho, tho, tho kuseri kwa mpanda wa munthu, ankalowa osaodira n'komwe. M'thumba la jekete simunkasowa timphira tomangira mpopi ndi sipanala yaing'ono. Ku Mtiya kuno palibe mayi amene sanakanganepo nawo. Wina anawapeza atagwada pampopi wake iye akuchokera kubafa, anakuwa kuti wakuba. Iwo osatembenuka n'komwe anangomuuza kuti wakuba ndi iyeyo, amene akubera anthu a kumunsi madzi. Anamaliza kumanga, anapukuta manja, anatuluka. Anali ovuta, tisaname. Koma mipopi ya mzere wathu wonse inali youma pakamwa.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo woyamba, bambo a Tadala, amene amayendetsa lole ndipo pakhomo amangopagona masiku owerengeka pa mwezi. Mwambo ukanatsatidwa, mwamuna ndiye akanabwera kwathu, koma tauni ili ndi malamulo ake. Ndinakhala bwalo limodzi ndi apongozi anga zaka khumi ndi zinayi. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo nkhani ya ulemu wa pa chipongozi sankaseweretsa. M'mawa uliwonse ankaima patali n'kundipatsa moni wa Chilomwe, “Mosheliwa, amake Tadala?” Ine ndinkagwada, maso pansi, n'kuyankha. Chakudya ndinkawaikira patebulo n'kutuluka. Akafuna kundiuza chinthu chokhudza thupi lawo, ankauza mwana wawo, mwana wawo n'kuuza ine. Jombo ankavala asanatuluke m'chipinda, ndipo popita kubafa ankapita nazo. Ankati munthu wamkulu saonetsa mapazi kwa mpongozi wake. Zaka zonsezo ndinkagwada pafupi ndi mapazi amenewo tsiku ndi tsiku, koma sindinawaonepo ngakhale kamodzi.

Atapuma pantchito sanapume kuyenda. Katatu pa sabata ankakwera phiri kudzera njira yachidule imene amatsikira amayi a nkhuni ndi ogulitsa mbatata, kukaona damu. Palibe anawatuma. Ankabwerako masana, jekete litanyowa ndi nkhungu, akununkhira paini, n'kutiuza kuti madzi atsika kufika pamwala wakutiwakuti, ngati kuti ife tikanachitapo kanthu.

Kenaka anayamba kutsimphina. Uthenga unandipeza kudzera njira yake ija: bambo a Tadala anandiuza kuti madala akuti mapazi akuwaotcha ngati aponda phulusa lamoto, nthawi zina ngati akubayidwa ndi timasingano. Tinawauza za chipatala. Anakana kwamtuwagalu. Apongozi anga aakazi anamwalirira m'chipatala, ndipo kuyambira pamenepo a Namakhwa ankati kumeneko analowako anthu awiri n'kutulukako mmodzi, sakufuna kukabwezera chiwerengero. Mapiritsi nawo ankawakana, amvekere munthu amene akuyenda ndi miyendo yake samwa mapiritsi. Tinangoti ndi kutopa kwa ukalamba. Munthu woti wapondaponda phiri moyo wake wonse, mapazi angalephere kudandaula?

Ndiye tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinalowa m'sitolo ina ya mankhwala m'tauni. Ndinafotokozera mtsikana wogulitsa. Iye anatsitsa kachubu koyera kojambulidwa duwa lachikasu, n'kundiuza kuti mtundu umenewu amautcha homiyopafi, opangidwa kuchokera ku zomera, ndipo safuna kalata ya dokotala.

“Koma agogowo ali ndi bala?” anandifunsa.

“Ayi,” ndinayankha.

“Chabwino. Awatu ndi a ululu waung'ono basi, amayi, monga kutopa kwa mapazi. Pabala asapake. Ikatha sabata zisanasinthe, apite kuchipatala.”

Ayi ameneyo amandilumabe mpaka lero. Ndinamuyankha msanga, mosakayika, za phazi limene sindinalionepo. Mawu a sabata ndi chipatala ndinawamva bwinobwino, koma ndinawasiya pakhomo pa sitolo pomwepo, podziwa kuti kunyumba sakalandiridwa. M'kabokosi munali kapepala ka zilembo zing'onozing'ono. Kuwerenga ndimatha. Kapepalako ndinakolezera mbaula.

Ndinaika kachubu kaja patebulo pambali pa tiyi wawo, n'kutuluka. Ndikusuzumira pawindo ndinawaona akukatembenuza, akukanunkhiza. Chimene chinawagwira mtima ndi duwa lija. Anati likufanana ndi maluwa achikasu amene amamera m'mbali mwa njira ya kudamu, ndiye mankhwala ochokera ku chinthu chimene amachidziwa sangawakane. Anawatcha mafuta a duwa. Kuyambira tsiku limenelo, akasamba ankalowa m'chipinda n'kutseka chitseko, ndipo tinkamva bedi likulira pamene akuwerama kuti apake. Mafuta akatsala pang'ono ankasiya kachubu pakhonde pamene ndingakaone. Sankapempha ndi pakamwa.

Ndinene zoona, zinandikomera. M'zaka zonse zija panalibe chimene ndinawachitirapo choposa kuphika ndi kuchapa. Tsopano ndinali ndi kanthu kanga ndi iwo. Ankati akapaka amamva kufunda, ndipo kutikitako kumawapeputsa. Sabata inatha, mwezi unatha, ululu unkapita n'kubweranso, ine ndinkangogula kachubu kena.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanakondwe nazo, Che Amidu a ku Songani. Awa anali mnzawo wa a Namakhwa kuyambira ali anyamata, wokhoma ndowa ndi mbaula, wamfupi, wolongolola. Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti m'tauni ankadzera kwathu pa njinga yawo. Awiriwa sindinawamvepo akugwirizana pa chilichonse. Ankakangana za Mulungu, za mpira, za mvula, za amene anayamba kumera imvi. Akakangana mpaka thukuta, ankamwa tiyi, n'kutsanzikana bwinobwino.

Lachisanu lina a Namakhwa anatulutsa kachubu kuti anyadire. Che Amidu anakanunkhiza n'kukwinya mphuno.

“Achimwene, awa ndi mafuta odzola atsikana awa. Osanunkha, osaluma, achiza chiyani? Wiritsani masamba a bulugamu, muthiremo mchere, muviike mapazi. Tavulani jombozo ndione.”

“Muone chiyani? Munaphunzira liti udokotala, inu okhoma zitini?”

“Inetu mapazi anga ndimawaona kasanu pa tsiku ndikamatawaza. Inu anuwo munawaona liti? Tavulani.”

“Pakhonde pano? Pamaso pa apongozi anga? Mwapenga eti?”

Mawu anakula. Che Amidu ananena kuti munthu wobisa phazi akubisa kanthu. A Namakhwa anayankha kuti amene wanyoza mafuta wanyoza amene anagula, ndipo pakhomo pawo mpongozi wawo sanyozedwa. Ine ndili kukhitchini mtima unachita kudumpha ndi chimwemwe pomva akundiikira kumbuyo chotero. Tiyi wa Che Amidu ndinabwera naye mochedwa dala, wozizira. Anamuyang'ana, anandiyang'ana, anakwera njinga yawo osamwa. Anatha miyezi itatu osaponda pakhomo pathu, ndipo ine ndinkati zatithandiza, phokoso lachepa.

M'miyezi itatu imeneyo ndi mmene a Namakhwa anachirira, monga tinkaonera ife. M'mawa wina atapereka moni sanachoke. Anakhosomola pang'ono, n'kulankhula nane mwachindunji za thupi lawo, koyamba chikwatiwire changa.

“Amake Tadala, ululu uja watheratu. Ndikuponda mwala osamva kanthu. Mwandichiritsa, mayi.”

Madzulo ake anatsika kuphiri atanyamula kadengu ka masitiroberi, kamene anyamata amagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu wa ku Chawe. Munthu amene ankati zipatso zimenezo ndi zoseweretsa ndalama anandigulira kadengu kathunthu. Anakaika pakhomo la khitchini n'kuchoka msangamsanga. Ndinadya ndikulira ndi chisangalalo. Lamulungu anakauza anzawo kutchalitchi kuti ku Mtiya kuli dokotala wosavala yunifolomu. Amayi anayamba kundiimitsa panjira kufunsa dzina la mafuta, ine n'kumawalembera pa kapepala, mapewa ali m'mwamba.

Zizindikiro zinalipo, ndipo zonse zinadutsa m'manja mwanga. Madzi ankamwa jagi yathunthu n'kupemphanso ina, ife n'kumaseka kuti munthu wa zamadzi akulondola madzi ake. Lamba anabowola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Nyuzipepala anasiya kuwerenga, ati zilembo za masiku ano n'zazing'ono. Mu tiyi ankathira masipuni anayi a shuga, ndipo ndinkawaikira ndine mbale ya shugayo. Choposa zonse ndi masokosi. Ankawaponya m'ndowa pamodzi ndi mathalauza, ndipo sokosi ya kumanzere inayamba kubwera ili ndi banga lofiirira, louma gwa. Ndinati ndi mafuta osakanikirana ndi dothi la kuphiri. Sindinadzifunse chifukwa chake dothi likusankha phazi limodzi. Ndinangowonjezera sopo.

Che Amidu anabweranso Lachisanu lina dzuwa likuswa mtengo, atamangirira phava la nthochi pa kaliyala. Sanapepese, a Namakhwa nawo sanapepese. Anangokhala pakhonde n'kuyamba kukangana za mtengo wa malata ngati anasiyana dzulo. Ine ndinabwera ndi madzi akumwa, ndinagwada. Ndili chogwada choncho ndinaona Che Amidu asiya kulankhula pakati pa mawu, maso ali pansi. Ntchentche zinali zitaunjikana pa jombo ya kumanzere ya a Namakhwa. Ya kumanja inalibe ngakhale imodzi.

“Achimwene,” anatero Che Amidu, mawu atatsika, “vulani jombo iyo.”

“Mwayambiranso?”

“Ndayambiranso. Lero ndiye simundithamangitsa. Mukapanda kuvula ndivula ndine, ndipo mukandimenya mundimenye.”

“Ndi kabala kakang'ono basi. Sikakuwawa n'komwe. Ndikumathiramo mafuta, kakupola.”

Kabala. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira kumsana. Che Amidu anali atagwada kale, akumasula zingwe. A Namakhwa anayang'ana kumbali n'kunena ndi mawu awo aulemu aja, “Amake Tadala, kaikeni madzi a tiyi pamoto.”

Sindinapite. M'zaka khumi ndi zinayi, aka kanali koyamba kuwakanira chinthu. Anabwerezanso, ine ndinangokhala chogwada, kapu ili m'manja.

Jombo inavuka movuta chifukwa phazi linali litatupa. Sokosi inamatirira, mpaka Che Amidu anachita kuinyowetsa ndi madzi akumwa aja. Fungo ndiye linayamba kutifika. Pansi pa phazi, kumunsi kwa chala chachikulu, panali dzenje loti chala changa chikanalowamo, m'mbali mwake mwakuda, m'kati mwake mutadzaza mafuta oyera aja osakanikirana ndi mafinya. Zala ziwiri zinali zitada bii. Che Amidu anapisa dzanja m'jombo n'kulitulutsa msanga, chala chikutuluka magazi. Munali msomali. Soli ya jomboyo itayamba kuyasama, a Namakhwa anaikhoma okha ndi timisomali, ndipo kamodzi kanatulukira m'kati. Anakwera nako phiri ndi kutsika nako, kaya masabata angati, osamva kanthu. Maso anali atafooka, msana sunkawalola kuwerama mpaka kuona pansi pa phazi. Ankangopapasa ndi chala, n'kupeza kadzenje, n'kukadzaza mafuta a duwa.

Che Amidu, munthu wolongolola uja, sananene kuti ndinakuuzani. Anavula kofiya yawo n'kuipinda m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu. A Namakhwa ankayang'ana nkhope zathu, osati phazi lawo, ndipo ndi pankhope zathupo pamene anaona kukula kwa nkhaniyo. Anangoti, “Itanani galimoto.”

Kuchipatala namwino wina wachikulire anawabaya chala n'kuyeza magazi. Anatiuza kuti ndi matenda a shuga, ndipo akhala nawo nthawi yaitali. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza ana, kuti shuga akachuluka amawononga mitsempha ya kumapazi. Poyamba munthu amamva kuotcha ndi kubaya. Kenaka mitsempha ija imafa, ululu n'kutha, phazi n'kukhala ngati chikuni. Tsiku limene ine ndinadya masitiroberi, phazi la apongozi anga silinachire. Linali litasiya kulankhula.

“Nanga nthawi yonseyi mumagwiritsa ntchito chiyani?” anafunsa namwino.

Ndinatulutsa kachubu m'chikwama n'kumupatsa. Anakawerenga mbali zonse, n'kundibwezera. Sanandikalipire, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anati mafutawo si amene anabowola phazi, komanso sakanatha kuchiza chimene chinkadya phazilo. Chimene anatidyera ndi nthawi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere mlandu wanga, koma a Namakhwa ananditsogolera ali chigonere pa kabedi ka m'chipatala.

“Ndinawatuma ndine, anesi. Iwowa ankandiuza za chipatala tsiku ndi tsiku, ine ndi amene ndimakana. Lembani choncho.”

Linali bodza. Sanandituma, ndipo za chipatala ndinasiya kuwauza tsiku limene ndinagula kachubu koyamba. Munthu amene sankatha kunama ngakhale pa msinkhu wa madzi a m'damu ananama pamaso pa namwino chifukwa cha ine. Bambo a Tadala atafika kuchokera ku ulendo anawauzanso bodza lomwelo, ndipo mwamuna wanga analikhulupirira mpaka ndinadzamuuza ndekha maliro atatha.

Anayamba ndi kudula zala. Sizinathandize. Patapita masabata awiri anadula mwendo kumunsi kwa bondo.

Tsiku lotuluka, namwino uja anatipatsa lamulo. Phazi latsalali, anatero, munthu wina aziliona m'mawa uliwonse powala: pansi pake, kuchidendene, pakati pa zala, chifukwa mwini wake sangamve ngakhale litabayidwa ndi minga. Anafunsa kuti pakhomo amakhalapo ndani masiku onse. Tonse tinayang'ana pansi. Bambo a Tadala amakhala pamsewu, Tadala ali kusukulu yogonera komweko, Che Amidu ali ku Songani. Yankho aliyense ankalidziwa, koma panalibe wolimba mtima kulitchula.

M'mawa wotsatira ndinamva ndodo zawo zoyendera zikugogoda pasimenti, mpando wa pakhonde n'kulira. Kenaka mawu.

“Mosheliwa, amake Tadala?”

Ndinagwada pakhomo la khitchini n'kuyankha.

“Bwerani ndi beseni. Mubwerenso ndi kampando kakang'ono.”

Nditafika ndinapeza atavula kale sokosi. Phazi lalitali, loonda, la zikhadabo zokhuthala, chidendene chong'ambikang'ambika ngati dothi la mwezi wa Okutobala. Iwo nkhope anali atalozetsa kuphiri, nsagwada zili gwa. Ndinadziwa chimene zinawatengera kuti afike pamenepo, ndipo manja anga anakana kusuntha.

“Gwirani, mayi,” anatero osandiyang'ana. “Ulemu wandidyera mwendo umodzi. Winawu usautenge.”

Ndinaligwira. Linali lozizira. Ndinalisambitsa ndi madzi ofunda amene ndinayamba ndawayesa ndi chigongono, ndinalipukuta, ndinatsegula zala chimodzichimodzi dzuwa likuwala pakati pake. Nditamaliza ndinati, “Kulibe kanthu, bambo.” Iwo anati, “Zikomo, adokotala.” Ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Tinachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi itatu. M'miyezi imeneyo ndinawadziwa apongozi anga kuposa zaka zonse zija. Phazi lili m'manja mwanga ankandisimbira za mayi awo amene anawoloka malire atasenza mtondo, za tsiku limene anakumana ndi kambuku m'nkhalango ya paini, za mmene anafunsirira apongozi anga aakazi pampopi. Nthawi zina ankakwinya nkhope n'kugwira m'malere, pamene panali mwendo uja. Ankati phazi limene anakalitaya lija layamba kuwawa tsopano, lazindikira mochedwa ngati mwini wake.

Tsiku lina anandiuza kuti ndikagule mafuta a duwa. Ndinakana. Ndinati mafuta amenewo sindifuna kuwaonanso m'nyumba muno, ndipo ndikadutsa pa sitolo ija ndimawolokera tsidya lina la msewu. Anandisiya ndilankhule mpaka nditamaliza.

“Anesi anati chidendene chisamaume, eti? Anati mafuta alionse ofewetsa, bola osapaka pabala kapena pakati pa zala. Nde ine ndikufuna amene aja.”

“Bambo, amene aja ndi amene...”

“Amene aja sanalakwe. Mtsikana wa m'sitolo sanalakwe. Inu munaona munthu akuvutika, munamugulira chimene akanalandira. Chikhala kuti munabwera ndi galimoto ya chipatala, ndikanathawira kuphiri. Kaguleni, ndipo kapepala kakewo mudzandiwerengere konse.”

Ndinakagula. Ndinawawerengera kapepala kaja mzere ndi mzere, ndikumasulira, mpaka pamene panalembedwa zosapaka pabala ndi zoonana ndi dokotala ululu ukapitirira. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anthu ake analemba zoona, vuto ndi loti analembera anthu owerenga. Ngati mafutawo ankachitadi kanthu pa ululu, ine sindidziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'choti sankawafunira chidendene. Ankafuna kuti ndisiye kuwoloka msewu.

Kuphiri sanakwerenso, ndipo ichi ndi chimene chinawadya kuposa shuga. Masana ankakhala pakhonde atagunditsa ndodo yawo yachitsulo pa paipi yobwera kumpopi wathu, khutu lili pa kamutu kaja, maso otsinzina. Madzi akasiya, ankatiuza kuti konzani ndowa, akubwera, ndipo pasanathe nthawi mpopi unkayamba kutsokomola. Nkhungu ikaphimba phiri ankati kudamu kukuzizira lero. Che Amidu sanaphonyenso Lachisanu ngakhale limodzi. Ankakanganabe, koma Che Amidu anayamba kugonja msanga, ndipo a Namakhwa ankakwiya nazo, amvekere musandimvere chisoni, tsutsani ngati mwamuna.

Anatisiya m'nyengo yozizira, masana, atakhala pampando wawo womwewo. Mtima unangoima. M'mawa wa tsiku limenelo ndinali nditaliona phazi lija monga mwa masiku onse. Linalibe bala ngakhale kakang'ono. Amene anasambitsa thupi anadzandiuza kuti phazi la madala linali losalala ngati la mwana. Sindinadziwe ngati ndithokoze kapena ndikuwe.

Pamaliro ndinapita kukagwada kwa Che Amidu kuti ndipepese za tiyi wozizira uja. Anandiletsa ndisanamalize. Anati ine ndinaziziritsa tiyi kamodzi, koma iwo anakwiya miyezi itatu, ndipo akanabwera Lachisanu lotsatira akanaivula jombo ija msomali usanalowe. Aliyense wa ife ali ndi gawo lake limene amalisenza. Masiku ano ndikakhala ndi munthu wachikulire maso anga amathamangira kumapazi, ndipo ndimafunsa mafunso opanda ulemu. Ena amakhumudwa. Akhumudwe. Loweruka Che Amidu akabwera ku chiliza, ndawauza kale kuti sachoka asanakayezetse magazi, ndipo ayamba kale kukangana nane.

Timachubu tija sindinataye. Ndatibwezera pawindo, alendo adzagona nato momwemo.

Pakhonde sitinasinthe kanthu. Mpando uli pamalo pake, miyendo yake inasiya timaenje tinayi pasimenti moti ngakhale utausuntha umabwerera pomwepo. Pansi pake pali jombo ya kumanja, yopukutidwa, zingwe zili m'kati. Ndodo yachitsulo yatsamira pakona, kamutu kake kakuda ndi mafuta a khutu lawo. Mpopi unayamba kudontha mwezi wathawu, ndipo timphira tawo tili m'thumba la jekete, koma palibe amene wapisamo dzanja. Kutsogolo kwa mpando kuli kampando kakang'ono kaja, ndipo pambali pake beseni linasiya mkombero wa dzimbiri. Dzuwa likatuluka limadutsa pakati pa mpanda ndi mtengo wa mapeyala n'kugwera pa kampandoko ndendende, nthawi ya seveni koloko. Ndi kuwala kumene ndinkaonera pakati pa zala zawo. Kumafikabe m'mawa uliwonse pa nthawi yake, ndipo ine ndimapezeka nditaima pakhomo la khitchini, madzi ofunda ali m'manja, ndikuyang'ana thabwa lopanda kanthu.